Satifiketi ya Tadala

Lachitatu, kuno ku Bangwe. Tsiku lotopetsa, mutu ukuchita kugunda.

Mdzukulu wanga Tadala wandizunguza kuyambira m'mawa. Akuti pali masatifiketi awiri a ntchito yokonza zinthu za pa foni ndi pa intaneti kuti osaona ndi osamva azizigwiritsa ntchito okha. Ina ndi yodziwa malamulo ake, inayo ndi yokonza ndi manja. Kulembetsa akutseka mawa, iye ali zungulizunguli ngati nkhuku yofuna poikira. "Agogo, ndisankhe iti?" Kufunsa ine wa sitandade 3!

Ndamukoka dzanja mpaka kwa a Nangozo, anzanga amene shuga inawatseka maso. Uthenga wa kuchipatala ukabwera pa foni, amaitana aliyense wodutsa kuti awawerengere. Pano mzere wathu wonse ukudziwa matenda awo, mpaka wamakala amawafunsa kuti chikhodzodzo chili bwanji.

Ndati, "Pa ziwirizo, ndi iti ingatseke pakamwa pa wamakala?"

Tadala akuti, "Agogo, zimatengera."

Zimatengera! A Nangozo angoseka. "Musiyeni mwana, achemwali, ine ndinazolowera." Mawu amenewo andiwawa zedi.

 Madzulo ano Tadala wandiuza kuti walembetsa yokonza ndi manja. Chabwino. Koma akuti mafoni amene amawerengera osaona mauthenga amalankhula Chizungu. Ndiye a Nangozo aziitanabe wodutsa kuti awamasulire? Ndamuuza kuti akapanda kuwaphunzitsa Chinyanja mafoniwo, satifiketiyo ndidzayatsira mbaula. Iye waseka. Ine sindikuseka, chifukwa munthu wamkulu ngati uja, kufika ponena kuti ndinazolowera...