Nsalu Yosafuna Sopo

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi abambo. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti phokoso la makina latsala pang'ono kundigonthetsa.

Ndalemba chifukwa cha zimene ndinalankhula pafoni Lamlungu. Munandiuza monyadira kuti masiki imodzi mwa amene ndinatumiza aja yawakhalira abambo miyezi itatu ku shedi yawo ya matabwa, poti mumaichapa Loweruka lililonse. Munasekanso kuti ina munaisita, n'kukakamira ku simbi. Ine ndinkamva abambo akutsokomola kumbuyo kwanu, ndiye ndinakufunsani mokalipa ngati mukufuna kuwapha. Munangoti mukukaika madzi pamoto, n'kudula foni. Sabata yonseyi ndasowa mtendere. Pepani, amayi.

Wolakwa ndine. Zaka zinayi ndili pafakitale pano, koma sindinakhalepo nanu pansi kukufotokozerani chimene ndimapanga.

Nsalu ya m'kati mwa masiki si yoluka. Timasungunula timibulu ta pulasitiki, n'kutiuzira mphepo yotentha kudzera m'timabowo. Timaulusi tochepa kuposa tsitsi timagwa n'kumatana tokha. Pomaliza timaipatsa mphamvu ya magetsi, yonga ija ya chipeso chikamakoka timapepala. Ndikayandikira mpukutu wake, ubweya wa pamkono umaima. Mphamvu imeneyo ndi imene imakola fumbi losaoneka ndi maso, ndipo sopo amaichotsa. Masiki imayera mbee, koma fumbi la utuchi limangodutsa mpaka m'chifuwa.

Ndikudziwa kuti kutaya nsalu kumakupwetekani. Yunifolomu yanga ya kusukulu inasanduka pilo, kenako chikolopa, ndipo ndikukayika ngati inapuma. Manja omwewo ndi amene anandilera, ine n'kuwanyoza.

Ndatumiza katoni ina ya mamasiki. Masiki ikada, chonde tayani. Abambo akamadandaula kuti n'kuwononga, muwauze kuti mwana wawo amapanga nsalu yotalika kuposa msewu wathu tsiku lililonse, siidzatha. Koma chifuwa ali nacho chimodzi, ndipo ine ndikuchita mantha. Muwaperekeze kuchipatala sabata ino, abambowo asakunamizeni kuti ndi chimfine. Manja akakuyabwani pofuna kuchapa, chapani malaya awo kawiri.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi ana awo. Mulungu akusungeni nonse.

Lamlungu ndiimbanso. Madzi aja muikiretu pamoto, kuti tidzacheze bwino.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja.