Muvi wa Ayi

Lolemba, 3 Juni

Chipata, mu holo ya tchalitchi. Maphunziro a masiku awiri. Ine Tamiwe pa mpando wakutsogolo, cholembera chatsopano m'manja! Kopaletivi yathu ya ku Chiparamba yatuma ine, ena onse akuti za sukulu anaziiwala kalekale.

Chandibweretsa si chaching'ono. Kampani ya chiponde imene imagula nsawa zathu inatibwezera matumba makumi atatu mwezi watha. Chuku. A Molly, amene amagulira kampaniyo, abwera Lachisanu pa 14 kudzaona kagwiridwe kathu ka ntchito katajambulidwa pa pepala. Zikapanda kuwagwira mtima, chaka chino akagula ku Kasenengwa. Mabanja makumi asanu ndi limodzi akuyang'ana ine.

Aphunzitsi ndi a Joshua. Chojambulacho akuchitcha fulotchati. Ndimayesa ndi za makompyuta, koma ayi, pepala ndi pensulo basi. Chonga dzira: poyambira ndi pothera. Bokosi: ntchito imodzi yokha. Muvi: kumene ulowera ukachoka apo. Ndajambula kaphikidwe ka tiyi, mabokosi asanu. Anzanga aseka, a Joshua ati ndakhoza.

Lachiwiri, 4 Juni

Daimondi! Yofanana ndi ya pa makadi a juga. M'kati mwake mumakhala funso, ndipo mivi iwiri imatulukamo, wa inde ndi wa ayi. A Joshua anachita kumenya bolodi: "Daimondi ya muvi umodzi si funso, ndi chokongoletsa chabe." Ndalemba mawuwo kawiri.

Pobwerera ndimangoona madaimondi paliponse. Minibasi yadzaza? Ayi. Muvi ubwerera, tidikira. Yadzaza? Ayi. Ola lathunthu tikuzungulira pomwepo, ine ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu.

Lachinayi, 6 Juni

Tsiku lonse ku shedi ya kopaletivi, kulondola thumba limodzi kuchokera pakhomo mpaka pamulu. Dzira: mlimi wafika. Bokosi: kumasula thumba. Daimondi: nsawa zauma? Apa amaimapo amalume a Lazarus, wapampando wathu. Kupisa dzanja, kuluma njere imodzi, basi lowetsani. Ndajambula muvi wa inde. Kenako pensulo yangoima m'malere. Wa ayi upita kuti?

Ndawafunsa. Iwo: "Iwe mwana, ndibweze ndani? Uyu tipemphera naye limodzi. Uyu anakumba manda a agogo ako." Zaka zisanu ndi ziwiri, thumba lobwezedwa palibe ndi limodzi lomwe.

Ndalipeza vuto! Ine amene! Ndinapita kuseri kwa matumba n'kukavina pang'ono. Tonse timadziwa kuti ambiri amawaza madzi pa nsawa asanasende, kuti makoko afewe. Njere zimalowa m'thumba ndi chinyontho, chuku n'kuyamba. Tonse timadziwa, wonena palibe. Pepala lanena.

Lamlungu, 9 Juni

Msonkhano titatuluka m'tchalitchi. Pepala lalikulu pa khoma la shedi, ine ndi kamtengo kolozera. Nditangoyamba kulankhula, pakamwa sipanatsekekenso.

Phokoso! Ena akuti ndabwera ndi nzeru za m'tauni zodanitsa anthu. Ndinawaonetsa kuti muvi wa ayi suthamangitsa munthu. Ukulowa mu bokosi lakuti yanikani masiku atatu, kenako ukukhota n'kubwerera pa funso lomwe lija. Zokhazo zachita kale chuku ndizo sizilowa konse. Atauona muvi wobwererawo, mitima inatsika.

Amalume anapumira m'mwamba: "Wajambula ndiwe, uziimapo ndiwe." Manja onse m'mwamba. Alangizi a zaulimi atibwereka kachipangizo koyezera chinyontho, ndipo kali m'chikwama changa. Nthungululu yoyamba inali ya amama. Sindinasangalalepo chonchi chichokere ku sukulu.

Lachitatu, 12 Juni

Ndajambulanso zonse ndi rula, mivi yowongoka bwino. Chokongola zedi, ndimangochiyang'ana.

Amama ali pa liwiro losenda. Akufuna Lachisanu akhale oyamba pa mzere, alendo aone kuti kwa Tamiwe nsawa ziliko. Zala zawo zang'ambikang'ambika, nsawa zouma sizichitira munthu chifundo. Masana ndinaona ndowa pambali pa mphasa yawo. Mwina ya madzi osamba m'manja. Sindinafunse.

Lachisanu, 14 Juni



A Molly afika cha m'ma 9. Anayendetsa chala pa pepala lonse, kuchokera pa dzira mpaka pa dzira, n'kuima pa daimondi. "Kujambula mwajambula bwino. Tsopano ndione chikugwira ntchito."

Woyamba pa mzere, amama. Matumba awiri pa njinga, chitenje cha ku tchalitchi, kumwetulira mpaka m'makutu. Nditangopisa dzanja ndinadziwa. Kuzizira kuja kwa chinyontho. Ndinayezabe ndi kachipangizo, kawiri, kupempha Mulungu kuti kaname. Sikananame.

 Amalume maso ku denga ngati akuwerenga malata. Akanakhala iwo, akanangoluma njere imodzi. Ndinaganiza za zala zija. Ndinaganiza za mabanja aja ali kumbuyo kwa amama pa mzere. Mawu anatuluka aang'ono: "Ayi, amama. Mukayanike."

 Amama anamanga okha matumba, ndipo nditati ndiwathandize kukweza pa njinga anakankha dzanja langa.

Pambuyo pawo ndinabweza ena anayi, palibe anatsutsa. Angatsutse bwanji? A Molly ati lole yodzatenga nsawa ibwera Lachinayi, ndipo pepala langa alijambula pa foni kuti akaonetse makopaletivi ena. Anthu kuvina, kundinyamula, fumbi koboo. Tapambana! Ndiyenera kusangalala, ndipo ndikusangalaladi. Koma kunyumba amama sanandiyang'ane n'komwe.

Loweruka, 15 Juni

Ndadzuka ndapeza bwalo lonse nsawa, mphasa zitatu padzuwa. Amama akutembenuza ndi dzanja, nsana kwa ine. Ndowa ija yavundikiridwa pakhonde.

Ndinawayandikira. Iwo osacheuka: "Muvi wako uja ubwerera pamene paja, si tero? Lachiwiri ndibwera. Ukayeze nsawa, usakayang'ane nkhope yanga."

Kenako anandikankhira dengu la zosasenda. Zouma gwa, zopanda dontho la madzi. "Wajambula ndiwe."

Tasenda limodzi mpaka dzuwa kufika pamutu. Chala chachikulu chang'ambika kale pawiri, cholembera sichikugwirika bwino. Madengu atatu atsala, ndipo amama akundiitana.