Pakamwa Panga Pakutchula Iness

Manyamula,
Mzimba.
9 Sepitembala 2023.

Okondedwa anzanga a Linily,

Monire kumeneko ku Dedza. Ndikhulupirira mawondo aja akukulolani kuyenda. Ine thupi lili bwino, mbwenu mtima ndiwo suli m'malo. Ndalemba m'Chichewa chifukwa zaka zonse zija munakhala kuno mukubaya anthu jakisoni, Chitumbuka chanu sichinapitirire pa "yewo". Pafoni sindingayankhule, ndi yobwereka, ndipo mwini wake amaima pomwepo kukamwa yasa.

Mukumukumbuka Iness, mkazi wa mwana wanga Zondwayo, uja anataya ana awiri motsatizana, woyamba m'manja mwanu momwe. Ndi woyembekezeranso, masiku ake ayandikira, ndipo Zondwayo ali ku Joni. Mukudziwa kuti ine ndi mtsikana ameneyu sitimwerana madzi. Mchere amathira ngati akufuna kuumitsa chikopa, kusesa amasesa pakati pokha. Ndimamuuza pamaso, ndipo mudzi wonse umamva.

Mukudziwanso kuti chikwirireni wachiwiri uja ine ndinaleka kupemphera. Kutchalitchi ndimapita, yunifomu ya Umanyano, gulu lathu la amayi, ndimavala, koma akati titsinzine ine ndimayang'ana zala zanga zakumapazi. Ndinamuuza Chiuta kuti ndakupemphani kawiri, kawiri konse mwandiyankha ndi khasu, basi tisavutane.

Tsono mwezi watha ndili pamzere kuchigayo, Providence, mkazi wa mlamu wanga Bestone, anandikoka chitenje.

"A NyaShaba, mpongozi wanu mukumuitaniranji? Si mwamusiya kunyumba?"

"Ndaitana ndani?"

"Iness, Iness, Iness, chifikireni pano. Ndi mimba yomwe mwaitchula."

"Iwe, m'makutu mwako mwadzaza gaga. Kasambe."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Inu a kuchipatala mumangoti mimba, mimba, ngati mukutchula dzungu. Kumudzi kuno mimba ya mnzako sutchula pagulu. Ukaitchula, makamaka pamene zinalakwika kale kawiri, anthu amafunsa kuti ukuifuna chiyani.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kudzigwira ndekha. Potong'ola chimanga, pochokera kumjigo, ndimangozindikira milomo ikuyenda. Ndikati ndimvetsere, imaima zii, ngati mbewa yamva phazi. Anzanga, mantha amene anandigwira sindinawaonepo. Paja amati ena amatamba eni ake osadziwa. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi ana awiri aja anapita okha, kapena pali china chimene chimakhala mwa ine, chodya nane mbale imodzi?

Mbiri inafika kwawo kwa Iness kufupi ndi Luwawa. Amayi ake anabwera pa njinga ya kabaza, osagona, nkumutenga kupita naye ku Boma kukadikirira kuchipatala. Ng'ombe za malowolo tinapereka ife, mwana ndi wa pakhomo pano, womudikirira ndinayenera kukhala ine. Ndinali nditamanga kale ufa ndi poto.

"Khalani mupume, asewele," anatero mayiyo, maso ali kumbali. "Pakamwa panu pagwira ntchito yambiri."

Ine amene sindisowa choyankha, tsiku limenelo ndinangogwira poto. Iness anatuluka ataweramitsa mutu, osatsanzika.

Ndinapita kwa Bessie, mtsogoleri wathu wa Umanyano. Ndinati, bwera ukhale pafupi nane ndikamasenda mtedza, usandiyankhule, ungotchera khutu. Ukamva zoipa undiuze, ndinyamule katundu ndekha asanandinyamulitse. Anabwera masana, tinakhala pakhonde, ine ndikusenda mpaka ndinaiwala kuti pali munthu. Potukula mutu ndinaona akupukuta maso ndi duku.

"Ndanena chiyani? Usandinyengerere."

"Mukuti, Dada, Iness. Dada, kamwana aka kokha. Mbwenu mwayambiranso."

"Bodza. Ine ndi Ameneyo sitiyankhulana."

"Inu ndiye simumuyankhula," anatero Bessie. "Koma pakamwa panu sipanamve kuti munayambana."

Ndinamutukwana pang'ono nkupitiriza kusenda mtedza.

Bessie anayesa kuwauza anthu, koma Providence anati, "Dada wake uti? Afiti nawonso ali ndi adada awo." Lamulungu masana Bestone anafika ndi anyamata awiri a pamudzi. Mpando anaukana.

"Mlamu, tsekani pakamwa mpaka mwana abadwe," anatero. "Zikalakwika kachitatu, anyamatawa ine sindidzatha kuwagwira."

Anyamata ake omwewo amene ndinkawapukuta mamina! Mmodzi sanandiyang'ane nkomwe, ankangoyang'ana udzu wa padenga langa. Mukukumbuka zimene anawachita agogo aja a kutsidya kwa mtsinje, inu nomwe munawatsuka mabala.

Ndiye ndinatola kamwala kosalala kumtsinje, ndinakatsuka, nkukaika m'kamwa. Kumunda nako, kumjigo nako, kulavula pokhapokha pakudya. Kanagwira ntchito chomene. Milomo inaleka, anthu anayambanso kundipatsa moni, Providence mpaka anandibwereka sefa. Koma m'chifuwa munkalemera ngati ndameza chimanga chosaphika.

Dzulo Bessie anapita ku Boma kukaona odwala. Wabwera ndi uthenga woti Iness miyendo yatupa, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo amuchotsa kodikirira kuja, amugoneka m'chipatala mwenimweni. Amayi ake atatuluka kukachapa, akuti Iness anamukoka Bessie dzanja.

"Amama kunyumba kuja akunditchulabe?"

"Ayi mwanangu, analeka. Usaope."

Iness anangotembenukira kukhoma. Bessie sakudziwa ngati kunali kumasuka kapena kulira. Inenso sindikudziwa. Mwina mwanayo amandiopa ngati enawa. Koma ndinawerenga pamtima kuti amene akumutchula kwa Chiuta ndani. Mwamuna wake ali kutali, akutchula mabwana ake. Amayi ake akutchula ine. Ndiye pakamwa pamodzi pokha pamene pamachita ntchitoyi usana wonse osatopa, ine nkupatseka ndi mwala chifukwa choopa Bestone?

Kamwala kaja ndakalavulira m'khola la ng'ombe. Musaganize kuti ndalimba mtima. Galu akauwa ndikudzidzimuka, mwana akadutsa ndi chikuni cha moto ndikutuluka kukayang'ana denga. Sindinagwirizanenso ndi Chiuta, mlandu wathu udakalipo. Koma Bessie akuti ngakhale pano ndikulemba milomo ikuyenda, ndipo ndaisiya iyende.

Ndapota anzanga, ndili ndi zopempha ziwiri. Mwana wanu Karen ndamva adakali namwino ku Boma komweko. Muimbireni akamuone Iness, amuyang'anire ngati m'bale wake. Asanene kuti ndamutuma ine, angamukanize. Angomuuza mtsikanayo kukhutu, amayi ake palibe, kuti kunyumba ayambiranso kumutchula. Akachita mantha, Karen andiuze zoona, ndidzadziwa chochita. Chachiwiri, inu mwagwira ana ambiri, amoyo ndi akufa. Mundiyankhe mosabisa ngati munaonapo mwana atafa chifukwa nkhalamba inamutchula.

Perekani moni kwa abambo a kunyumba ndi adzukulu onse. Muwauze kuti NyaShaba adakalipo ndipo adakalongolola. Mukadzamva kuti kwa Manyamula nyumba ya nkhalamba ina yapsa, musathamangire kulira nyumbayo, ndi udzu chabe. Muyambe mwafunsa ngati mwana analira.

Ndine mnzanu,
NyaShaba