Ku Venice ndinali wojambula, kumudzi akuti ndinasiyidwa

Aphungu,

Ndine mayi wapabanja, namwino kuno ku Doha. Amuna anga, a Jailos, ndi akauntanti pakampani ina yomanga nyumba. Ana athu ali ku Blantyre ndi achemwali anga. Nkhani yangayi aliyense amene ndamuuza wayamba waseka kaye, koma banja langa lili pamoto.

Kutentha kwa kuno kutafika poti ngakhale amphaka sakutuluka panja, tinatenga livu n'kulembetsa ulendo wa gulu wokaona mizinda ya ku Italy. Mtima wanga unali pa Venice, mzinda uja misewu yake ndi madzi. Ine kwathu ndi ku Nsanje, Aphungu. Kwathu madzi akafika pakhomo timakusa mbuzi n'kuthawira kusukulu. Kumeneko madzi amakhala pakhomo chaka chonse, ndipo anthu amakwera ndege kukawaona. Ndinafuna ndikadzionere ndekha.

Sindinaone kanthu. Titangotsika boti, amuna anga anandipatsa foni. "Mayi a Tawina, yalla, fulumirani, jambulani." Pamlatho, jambulani. Pabwalo la tchalitchi chachikulu, pakati pa nkhunda, jambulani. Anagula chipewa cha riboni ndi malaya amizeremizere ngati a opalasa mabwato a kumeneko. Gayidi akufotokoza mbiri ya mzindawo, ine ndagwada pansi kuti bambo aoneke aatali. Nditapempha kuti nanenso andijambule, anati batire latsala pang'ono, tijambula mawa. Mawa lakelo tinali m'basi.

Tsoka linabwera pa bwato lakuda lija amati gondola. Tinakwera ndi banja lina la m'gulu lathu, mayi wa ku Romania wogwira ntchito pahotela kuno ndi mwamuna wake, chibambo chonenepa. Wopalasa anatikhazika potengera kulemera kuti bwato lisapendekeke. Chibambo chija chinakhala kwachokha, ine kutsogolo, a Jailos pampando wofiira wa anthu awiri pamodzi ndi mayi uja. Boti lina litadutsa, mafunde anatigwedeza. A Jailos sadziwa kusambira. Anakakamira mkono wa mayiyo n'kufuula, "Yesu wanga!" Mayiyo anaphulika kuseka. Ine ndinadina.

Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa zonse. Kufuula kuja kukuoneka ngati akuimba. Anachiika pasitetasi ndi pagulupu ya banja, n'kulemba kuti, "Moyo ndi uno."

Apongozi anga anafunsa kaye ngati anthu a madzi osefukirawo alandira thandizo. Kenako ena anayamba kuwerenga zithunzi, n'kuona kuti palibe chimene ndikuonekapo, basi akuti a Jailos andisiya n'kutenga mzungu. Posakhalitsa malume anga a Wickson, amene ndi ankhoswe, anaimba.

"Mwana wanga, bwanji sunanene?" anatero.

"Malume, ndinalipo. Ndinajambula ndine."

"Eee, mayi ako nawonso ankabisa chomwechi."

Kuno nako nkhaniyi yafika. Tikapita kudera la Najma Lachisanu kukacheza ndi anzathu a kumudzi, anyamata olondera amawatcha a Jailos "Italiano", amayi a kumapemphero amandigwira phewa n'kundiuza kuti ndipirire. Chondiwawa n'chakuti a Jailos sakutsutsa. Amangomwetulira, kukonza chipewa chija, n'kunena kuti, "Asiyeni alankhule, khalas, basi." Munthu amene moyo wake wonse palibe anamuganizirapo za chibwenzi, pano akuyenda ngati tambala.

Ankhoswe aitanitsa mlandu tikapita kumudzi pa Khirisimasi. Ndipo sabata yatha mwana wathu Tawina, amene ali Fomu 2, anandifunsa pafoni chapansipansi kuti, "Amayi, mzungu uja tizimutchula kuti chiyani?"

Aphungu, nditani? Nditumize pasipoti yanga pagulupu kuti aone chidindo? Kapena ndingokhala chete mpaka yazizira yokha?

A.J., Al Mirqab, Doha


Mayi A.J.,

Ndaseka nanenso, sindikubisirani. Ndasiya nditafika pa funso la Tawina. Inunso muyambire pomwepo.

Lero lomwe muimbireni mwanayo, bambo ake ali pambali panu. Olankhula akhale iwowo, inu mungogwira foni, poti ntchito imeneyo mwaizolowera. Amuuze ndi pakamwa pawo kuti mkazi wina kulibe, kuti mayi ake anali m'bwato momwemo, ndi kuti chimene chikuoneka ngati chikondi pachithunzipo ndi mantha a madzi. Mwana akaseka bambo ake amagona tulo. Akawakayikira, ngakhale mayeso amalephera.

Pasipoti isiyeni m'kabati. Simuli pamlandu inu. Mukayamba kuonetsa zidindo, malume anu adzati mudakwera ndege inde, koma anakutsekerani kuhotela. Bodzali likunenepa chifukwa amuna anu akulidyetsa ndi kumwetulira kwawo, choncho olipha ndi iwo omwe. Aimbire a Wickson, alembenso pagulupu pomwe anaika chithunzicho, ndipo achichotse. Chibambo cha ku Romania chija chikadzachiona, sichidzafunsa za ankhoswe.

Amuna anu akakana, musakalipe. Auzeni modekha kuti pa Khirisimasi mudzafotokoza nokha nkhani yonse pabwalo, ndi mawu ake, kufuula kuja mukutsanzira. Mwamuna amalolera kutchedwa wachimasomaso, koma wamantha ayi. Mudzaona changu chake.

Koma inunso mayi, ndikufunseni. Munalipira ulendo, munapirira mashifiti ausiku kuti mupeze livu, n'kukafika mumzinda umene mumaulota, kenako n'kugwada pansi? Anakugwadikani ndani? Pakamwa munali napo. Mwamuna akakupatsani foni kachitatu, mumaiika m'chikwama n'kuyang'ana zimene munabwerera. Ndikukayika kuti kugwadaku kunayambira ku Italy. Khalani pansi awirinu, mukambirane malo ena onse amene inu mumasowa pachithunzi m'banjamo, monga posankha kopita, pogula zinthu, polankhula ndi achibale.

Amuna anu si oipa. Ndi munthu amene walawa kutchuka atakula, ndipo kwamuledzeretsa. Ayamikireni zimene amachitadi bwino, kuti asamakafune ulemu kwa anyamata a ku Najma.

Chenjezo langa ndi ili. Anzanu ena akuuzani kuti mubwezere, mukajambulitse muli ndi dokotala wina wooneka bwino n'kuika pasitetasi. Musayerekeze. Amuna anu pa chithunzi chawo apatsidwa dzina la Chitaliyana. Inu pa chanu adzakupatsani katundu wanu.

Aphungu