Bulangete la Amayi Lili Mumtsuko

Kwa achimwene anga a Yosefe, ku Walale,

Landirani moni wanga ndi wa alamu anu. Kuno ku Mkaika ana ali bwino, koma amayi ali ndi chifuwa, ndipo wolakwa ndine.

Chisanu cha chaka chino n'choopsa, nkhuni nazo tikukazitola kutali, kuphiri. Bulangete lija munatumiza litafika, ndinati basi, amayi apeza chofunda. Ndinaleka kuwasenzera chikuni chachikulu chosunga moto mpaka m'mawa, n'kumangowasiyira tinthambi tophikira pakhomo. Masabata atatu, achimwene, osalowa n'komwe m'nyumba mwawo kukaona.

Sabata yathayi m'mawa wina ndinawapeza atadzipinda pamkeka, pafupi ndi phulusa lozizira, atafunda kachikopa kambuzi kakale kaja. Nditafunsa za bulangete, analoza mtsuko wovundikira kuseri kwa chitseko.

Anati, "Limenelo ndi la tsiku langa. Mudzandikulungemo pokandiika, anthu adzaone kuti ndinabala mwana. Ndilidetserenji ndi utsi?"

Ndinati nanga za nkhuni osanena bwanji? Anati ankandimvera chisoni ndi msana wangawu.

Tsopano chikuni ndikusenza tsiku ndi tsiku, ming'alu ya khoma ndamata, koma chifuwa sichinathe, ndipo mtsukowo akukana kuti ndiutsegule.

Chonde musagule latsopano. Tumizani lanu lomwe mumafundalo, lakutha, lazigamba, loti sangalisungire maliro.

Mulungu akusungeni kumeneko, ndipo mundikhululukire.

Ine mlongo wanu,
Nelesi