Chithunzi cha Ilinca Chapulumuka

Torino, 18 Okutobala 2009

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga wochokera pansi pa mtima. Kodi bondo lija likukuvutanibe? Ndamva kuti mwayambanso kukwera makwerero kukatsitsa chimanga kudenga. Chonde lekani, mlongo wanga Costel alipo pakhomopo. Mankhwala a m'mawa aja muzimwa mutadya. Kuno tonse tili bwino, ine, bambo a Ilinca ndi Ilinca yemwe, ngakhale kuzizira kwafika msanga.

Katundu amene munatumiza pa minibasi ya a Fanel anafika bwino, botolo la zakuska, ndiwo zanu zamasamba zija, silinasweke ngakhale limodzi. Khadi ya kamera imene timatumizirana zithunzi ija ndinaipeza m'kampango, pamodzi ndi kachitsulo kanu kovala kuchala posoka.

Mwambo wodula Ilinca tsitsi loyamba tinachita Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi. Popeza bondo linakuletsani kubwera, ndinakulonjezani kuti mudzaona zonse pa zithunzi, makamaka chimene mwanayo adzasankhe pa thireyi, poti amati n'chimene chimalosera tsogolo lake. A Mitica, bambo ake a ubatizo, anagwira sizasi uku akudandaula kuti palibe chodula, mwanayu watengera dazi la bambo ake. Atadula, tinamuikira thireyi: makiyi a galimoto, cholembera, buku, mphete ndi kachitsulo kanu kaja.

Mwana atangonyamula chimene anafuna, ndinadina, kamera n'kuuma gwa! Diso lake linatsalira kunja, kanyali kofiira kakungoyaka osazima, mabatani onse osayankha. Ine thukuta kamukamu.

Apo aliyense anasanduka katswiri. A Mitica anati ndiimenye pathebulo monga timachitira ndi wailesi yakale. Ataona kuti ndaibisa kumbuyo, anati mankhwala ake n'kungofufuta zonse za pa khadi, kamera imadzuka yokha. Akazi awo anawafunsa kuti ngati makina amawadziwa chotero, bwanji galimoto yawo yagona pabwalo chilimwe chonse mpaka amphaka kuberekeramo. Bambo a Ilinca anati tibwezere zinthu pa thireyi, mwana asankhenso, tijambule ndi foni, agogo sadzadziwa. Ndinakana kwamtuwagalu. Mwana sasankha kawiri, ndipo inu si munthu woti ndikunamizeni ndi chithunzi chochita kukonza.

M'mawa mwake ndinakhala pansi ndekha, n'kuchita monga timachitira kulabotale kuntchito kwathu, kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Ndinachotsa batire, ndinachotsa khadi, n'kubwezera batire yokha. Kamera inadzuka ngati sinadwalepo. Ndinabwereka khadi ya mnzanga wakuntchito, inajambula bwinobwino. Nditabwezera yathu ija, inaumanso. Pamenepo ndinadziwa kuti kamera ilibe mlandu, wodwala ndi khadi.

Ndinatseka kabatani ka m'mbali mwa khadiyo kuti pasalembedwenso kanthu, n'kupukuta timizere take tachikasu ndi kansalu kofewa. Musakhumudwe Amayi, koma inkanunkhira nyama yankhumba yofutsa. Nditaiika pa kompyuta ndinapeza gwero la matenda. Costel wakhala akudzazamo nyimbo zake zaukwati ndi mafilimu a thirakitala ya anzake, ndipo ndikumudziwa, amangoisolola pa kompyuta isanamalize ntchito, ngati akuzula karoti.

Zithunzi ndinazikopera chimodzichimodzi. Zodula tsitsi zinatuluka zonse. Chomaliza chija, cha pa thireyi, kompyuta inkangoima ikachifika. Ndinkaichotsa khadi mwadongosolo, kuibwezera, kuyesanso. Bambo a Ilinca ankadutsa kumbuyo kwanga n'kumati adokotala, wodwala wanuyo timuitanire wansembe kodi? Ine ndinangopitiriza kuyesa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapeto ake chinatuluka, koma theka. Kumunsi konse n'kotuwa ngati phulusa, ndipo kwaphimba mimba ya a Mitica, zimene akazi awo akuti n'chifundo cha Mulungu. Kumtunda kukuoneka mbee: nkhope ya Ilinca, pakamwa yasa, ndi kadzanja kake m'mwamba katafumbata kachitsulo kanu. Makiyi, buku, mphete, zonse anazikankhira kumbali. Ndinalira, kenaka n'kuyamba kuda nkhawa kuti kodi sadzakonda sukulu, kenaka n'kudziseka ndekha.

Zithunzizo ndazisunga pa kompyuta ndi pa CD, ina kunyumba, ina kuntchito, mwina kungabuke moto. Nditatsimikiza kuti zonse zikutseguka, m'pamene ndinafufuta khadi ija, m'kamera momwemo osati pa kompyuta. Tsopano ikujambula ngati yatsopano. A Mitica akuuza aliyense kutchalitchi kuti nzeru inali yawo. Ndawasiya, koma inu dziwani kuti ndi mwana wanu amene anapulumutsa chithunzicho.

Pempho langa ndi limodzi. Khadi ibweranso ndi a Fanel pa ulendo wawo wotsatira, m'kabokosi kake, pamodzi ndi zithunzi zotsukidwa. Muuzeni Costel kuti m'khadimo muzilowa zithunzi zokha, ndipo asamaisolole asanaiuze kompyuta. Ine akandimva amati ndayamba ulaliki, koma inu amakuopani. Chithunzi chathekacho musalole kuti achidule ndi sizasi kuti chioneke bwino. Chipachikeni momwe chililimo, pafupi ndi makina anu osokera.

Mundiperekere moni kwa Costel ndi mlamu wanga, kwa azakhali a Saveta, ndi kwa amalume ngati makutu awo alola. Ilinca akukana kubweza kachitsulo kanu, ndiye musokere kena kaye.

Ndine mwana wanu wokusowani,

Rodica