Bweza Chofunda cha Amayi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, koma sindikunamiza kuti tili bwino. Amayi anathyoka dzanja lamanja Lachiwiri, ndipo ndikulemba kalatayi mtima uli phuuphuu ndi iweyo.

Ukukumbuka chofunda cha zigamba chimene unachotsa pabedi pawo utabwera mwezi watha? Unaima pakhomo la chipinda, manja m'chiuno, nkunena kuti mitundu yake ikukupweteka m'maso, ati chofiira, chachikasu ndi cha pinki pamodzi nzosayenera munthu wamkulu. Alamu anaseka. Mawa lake unabwera ndi bulangete la m'sitolo, lotuwa ngati phulusa, ndipo chimene ndinasoka inecho unachipinda nkuchiponya m'galimoto kuti ukachichapitse. Mpaka lero chikuchapidwabe?

Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kako kanali kakuthwadi, katicheka.

Tamvera tsopano zimene sunafunse. Amayi sakuona. Ng'ala yakula m'maso onse awiri, ndipo chaka chino zinthu zotuwa, zakhofi ndi zobiriwira zonse zasanduka nkhungu imodzi. Chimene chatsala ndi mitundu yowala basi.

Iwe umaganiza kuti ine, telala wa zaka makumi awiri, sindidziwa kugwirizanitsa mitundu? Chigamba chilichonse pachofundacho anasankha ndi maso a amayi. Ndinkawakhazika pampando, ine nkuima pakhomo, nkumakweza kansalu kamodzikamodzi. Akati sakukaona, ndinkakabweza m'thumba. Akati akukaona, ndinkakaika pambali. Buluu anagwa, wobiriwira anagwa. Chofiira, chachikasu, cha olenje ndi pinki wolusa uja ndizo zinapambana.

Ndinayesa kuzilumikiza zokhazokha, amayi anati zasakanikirana. Ndinasula mzere wonse, nkuika timizere takuda pakati kuti mtundu uliwonse uime pawokha. Nsalu yofiira ndinainyika kawiri m'madzi amchere kuti isadzasuluke nkudetsa zinzake. M'mphepete monse ndinazunguliza chachikasu chotambalala ngati chikhatho, kuti adziwe pamene bedi lathera. Kumutu ndinaika chigamba chachikulu chofiira. Miyezi itatu, mng'ono wanga, ndikupalasa makina ndikaweruka kusoka za anthu.

Ndi chofunda chimenecho amayi ankalowa m'chipinda okha, osagwira khoma, osaitana munthu.

Tsono iwe unayala bulangete lotuwa pabedi lokhala pa simenti yotuwa, pafupi ndi khoma lotuwa. Lachiwiri masana atadya anati akapumeko. Anatembenuka kuti akhale, nkukhala pamene palibe bedi. Ndinamva kugwa ndili kumakina. Ndinawapeza pansi, atagwira dzanja, akundiuza kuti ndisakuwe, anthu angamve.

Kuchipatala anauza namwino kuti anaterereka. Pobwerera anandigwira mkono nkundipempha kuti ndisakuuze, ati mwanayo anagula bulangetelo ndi mtima wabwino. Mtima wabwino! Safunsa anadya phula, koma apa phula wadya ndiwe, m'mimba mukupweteka amayi.

Koma ndisakusenzetse wekha. Tsiku lija unanyoza chofundacho ndinali pomwepo, ndipo ndinakhala chete. Amayi anandiletsa kale kukuuza za maso awo, nzoona, komabe si chifukwa chake. Alamu ataseka ndinapsa mtima, ndinati mumtima musiyeni wophunzirayo achite zake, adzaona yekha. Ndinasunga mkwiyo wanga, ndipo lathyoka ndi dzanja la amayi. Chimenechi chikundidya kuposa zonse, ndipo ndikakukalipira chonchi ndikudzikalipiranso ndekha.

Pakali pano ndasokerera kansalu kachikasu m'mphepete mwa bulangete lakolo. Kakuthandizako pang'ono, koma amayi ayamba kuopa. Amaima pakhomo nkumandidikira kuti ndiwagwire dzanja, munthu amene sanafunepo kugwiridwa ndi wina aliyense. Tikachedwa, mantha amenewa akhazikika.

Choncho bweza chofundacho sabata ino. Chikweze m'basi, undiuze nthawi, ndikachilandira ndekha. Kaya nchochapa kaya nchakuda, zilibe kanthu. Ngati unapatsa munthu, pita ukachitenge, manyaziwo ndi ako. Usanditumizire china cha m'sitolo.

Ndipo ubwere. Paja unandidandaulira kuti tsiku lija amayi sanakuyang'ane nkomwe, anangoyang'ana ana. Ana anavala malaya ofiira. Iwe unavala suti yako yotuwa ija. Sanakuone, mng'ono wanga. Anakudziwira mawu okha, ndipo mutapita anandifunsa ngati wanenepa kapena waonda.

Ukamabwera uvale chachikasu. Ngati ulibe, nditumizire miyezo, ndikusokera.

Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti kusekako ndinakumva. Ana uwapsompsone m'malo mwa agogo awo. Mulungu akusunge, akupatsenso makutu.

Ndine mkulu wako,
amene wakwiya koma akukudikira.